Mfuti ya Manfred Yaphonya Katatu

Manfred anaimika galimoto kumapeto kwa munda, kuseri kwa nyumba zosamaliza za ku Balbriggan, ku Ireland. Zina mwa nyumbazo anamanga nawo iyeyo, kampani yawo isanagwe mu 2009. Tsopano m'mawindo munkatuluka udzu.

"Tsika," anauza mkazi wake.

Tisungane anatsika, yunifomu ya kuntchito yosamalira okalamba idakali m'thupi. Mlomo wake unali utatupa kale. Kumpando wakumbuyo kunatsika Lawrence, mnzake wa Manfred wa kutchalitchi, amene ku Malawi anakhalapo msilikali zaka naini. Iye anatengedwa kunyumba kwake ku Santry m'mawa umenewo atauzidwa kuti akukayesa mfuti basi.

Mfutiyo inali ya 303, yotsala m'manja mwa asilikali akalekale. Mkulu James, mwini mundawo, anamusiyira Manfred pomwalira, chifukwa ndi amene ankamudyetsera ng'ombe ntchito ya zomangamanga itatha. Inabwera itadyeka ndi dzimbiri, ikulemera ngati mtanda. Miyezi eyiti Manfred anali nayo m'shedi. Anaipala ndi sandipepa, anaimwetsa oilo, anachotsa thabwa lophimba mpope kuti ipepuke, anafupikitsa mpopewo, n'kuikapo galasi loonera patali. Chiphaso cha a Garda, apolisi a m'dzikolo, chinatuluka. Mfuti inawala ngati mkwatibwi, ndipo ankaisisita kuposa mmene anasisitirapo munthu.

Kenako anapita kumapiri a ku Wicklow katatu. Katatu konse mbawala inaima n'kumuyang'ana. Iye kuwomba, iyo kudumpha, yamoyo.

Malume ake, mlenje wa ku Kasungu, anamuyankha mwachidule pa foni: "Mlenje akaphonya katatu safunsa mfuti, mphwanga. Amafunsa amene anamusiya pamphasa."

Ndi mawu amenewo amene anawabweretsa m'mundamo.

Manfred anakoka Tisungane tsitsi, n'kumugwetsera m'matope. Anakoka chitsulo cha mfuti, chipolopolo n'kukhala m'malo mwake. Mpope unafika pachifuwa cha mkaziyo.

"Ndi ndani? Tchula dzina!"

"Bambo a Blessed, ine ndimachoka kuntchito kupita kunyumba. Mukufuna nditchule basi ya 33?"

Khofi linamveka ngati thabwa lathyoka. Lawrence anathamangira pakati, koma thako la mfuti linamupeza pamphumi. Anagwa chagada, magazi akutsikira m'diso. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kulavula.

"Aise, usanawaphe alamu, ndiyankhe. Mpopewu unadula ndi chiyani?"

"Ndi sowo."

"Sowo iti? Yodulira mapaipi a kutoileti ija?" Lawrence anaseka, mano ali ofiira. "Mpope ukadulidwa mopendeka, ngakhale pang'ono ngati chikhadabo, chipolopolo chimapita kumene chafuna. Iwe ndiwe mmisiri wa njerwa, si wa mfuti. Malume akowo anaionapo mfutiyi?"

"Usatchule malume anga."

"Chabwino. Ndipatse ndiwombe katatu. Ukuchiona chigubu choyera chili pampanda apocho? Kubalaki ndinkamenya chotsekera botolo pamtunda woposa pamenepo, iwe ukudziwa. Ndikachimenya, mfuti ilibe mlandu, uchite zimene wabwerera. Ndikaphonya ine, ndiye kuti angaphonye aliyense."

Manfred anapuma mwamphamvu kangapo. Anasolola mpeni wosendera nyama, umene unali usanalaweko nyama n'kamodzi komwe, n'kuugunditsa pakhosi pa Tisungane. Ndi dzanja linalo anaponyera Lawrence mfutiyo.

"Ukanditembenuzira, ndicheka."

Lawrence anagona chafufumimba m'matope. Anapukuta diso ndi mkono wa jekete, n'kuika tsaya pathabwa. Kamvula kanayamba kuwaza. Tisungane anatsinzina, akunong'ona pemphero la Tikuoneni Maria.

Phuu! Akhwangwala anabalalika pamadenga osamaliza aja. Chigubu chili chiimire.

Phuu! Sichinagwedezeke.

Lawrence anatenga nthawi yaitali pa kachitatu, mpaka mpeni unalemba kamzere kofiira pakhosi pa mkaziyo.

Phuu!

Chigubu chinali choyera ngati mmene chinalili, chopanda ndi kachipsera komwe.

"Ndi imeneyo," anatero Lawrence akudzuka. "Ndodo yopweteketsa phewa basi. Ukanapha mayi wa mwana wako chifukwa cha sowo."

Mpeni unagwa. Manfred anayang'ana mkazi wake, magazi, matope, yunifomu yong'ambika paphewa. Anabangula ngati ng'ombe yolasidwa. Analanda mfutiyo, n'kuimenyetsa pamulu wa mabuloko. Galasi linamwazika. Anamenyetsanso, thabwa limene analisalaza miyezi eyiti linang'aluka pakati. Sanaleke mpaka mpope unapindika ndipo zikhatho zake zinachucha magazi. Kenako anagwada m'matope momwemo, n'kugwira mapazi a Tisungane.

"Ndikhululukire, mayi a Blessed. Ulovawu wandidya mutu. Mfuti sindidzaigwiranso."

Tisungane anangoika dzanja pamutu pa mwamuna wake mopepuka, maso ali kutali kunyanja.

"Pita ukatenge madzi m'galimoto uwasambitse alamu," anatero Lawrence. "Ine ndikachotse chigubu chija, a Garda angatipeze pano."

Anayenda mpaka pampanda. Chigubu sanachikhudze msanga. Anapita kaye kumanzere mapazi asanu, pamene panali nsanamira yakuda. Pamfundo ya nsanamirayo, pomwe iye analozetsa mfuti ija, panali mabowo atatu ogundana, oti chala chachikulu chimodzi n'kuwaphimba onse. Anawamata ndi dothi.

Pobwerera anapeza Manfred akadali m'galimoto. Anapatsa Tisungane mpango wake, n'kunong'ona osamuyang'ana:

"Tisu wanga, Lachinayi lino usabwere ku Santry. Tiyeni timusiye apole kaye."