Kaphokoso ka mu injini ya a Paxton

Panali munthu wina ku Area 12, a Paxton, bwana pa ofesi ina ku City Centre. Amene anandiuza nkhaniyi anali pa ukwati umene muumve pansipa, ndiye musati ndapeka.

A Paxton anali ndi galimoto yakale imene anasiya malemu bambo awo. Ndi yomweyo imene inanyamula akazi a Paxton tsiku la ukwati wawo. Mwana wawo Emmie atatsala pang'ono kukwatiwa, anapempha chinthu chimodzi.

"Adadi, ine za hayala sindikuzifuna. Mudzandiperekeze ku tchalitchi pa galimoto ya agogo, ngati mmene anapitira amami."

A Paxton analonjeza, mpaka kudziguguda pachifuwa.

Lachitatu, ukwati uli Loweruka, injini inayamba kaphokoso: tiki-tiki-tiki. Akaponda moto, kaphokosoko kamafulumira. Anapita nayo ku Old Town kwa Che Abdulmajid, makaniko wachikulire amene ankaikonza bambo awo ali moyo.

Che Abdulmajid anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chogwirira n'kuchiika kukhutu, natsinzina. Anamvetsera pamwamba, anamvetsera pansi. Kenako anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kufikisa oyiloyo ndi zala.

"A Paxton, oyilo alimo wokwanira, koma sakufika pamwamba pano. Zitsulo zikugundana zouma. Pansi pa injini pali sefa imene oyilo amadutsapo, yatsekeka ndi litsiro la oyilo wakale. Isiyeni. Nditsegula pansi, nditsuke, Lachisanu dzuwa lisanalowe mudzaitenga."

"Lachisanu? Mawa ikufunika ikapolishidwe, Lachisanu aimange maliboni. Komanso madala, zaka zino munthu n'kumayeza injini ndi khutu?"

"Khutu lomweli lasunga galimotoyi zaka makumi atatu. Ngati mwakana, chonde musathiremo chilichonse chotseka phokosoli."

A Paxton anaseka, anatseka boneti, ulendo.

Masana omwewo akuimika galimoto ku City Centre, kunabwera bambo wa ovolosi yoyera bwino, chikwama cha laputopu chili paphewa. Anati dzina lake ndi Orton.

"Big man, kaphokoso kameneko ndi small problem. Ten minutes basi."

Orton anamangirira tiwaya pa batire n'kutsegula laputopu, mizere yofiira ndi yobiriwira ikuvina. Anthu inu, galimoto imeneyo inapangidwa makompyuta asanalowe m'magalimoto, ilibe ngakhale pobayira waya. Koma bwana wathu, sukulu yonse ija, anangoti kukamwa yasa, n'kumagwedeza mutu ngati akumvapo kanthu.

"Computer yanena kuti oyilo wanu ndi wamadzimadzi," anatero Orton.

Anatulutsa botolo lopanda dzina n'kuthira mu injini zinthu zonanda ngati uchi. Posakhalitsa kaphokoso kaja kanati zii. A Paxton anakondwa, anaimbira Che Abdulmajid kuti awanyogodole.

"Madala, mukumva? Zii!"

"Mwathiramo chiyani?"

"Technology, madala."

"Oyilo wamba amalephera kudutsa pa sefa ija, nanga wonanda adutsa bwanji? Phokoso mwalibisa, koma zitsulo zikudyanabe. Bweretsani mawa m'mamawa, nthawi ikadalipo."

A Paxton anadula foni.

Loweruka galimoto inatuluka pageti ikunyezimira, maliboni mbali zonse. A Paxton anayendetsa okha. Emmie anakhala kumbuyo mu diresi yake yoyera, akusisita mpando umene anakhalapo mayi ake. M'mbuyo mwawo munali mdipiti wa magalimoto, mahutala ali pi-pi-pi.

Akuyandikira raundabauti ya ku City Centre, kanyale kofiira ka oyilo kanayaka. M'malo moima, a Paxton anaponda moto kuti afike msanga. Mu injini munamveka go-go-go, utsi unatuluka mu boneti, galimoto inazima pakati pa msewu. Anapotokola kiyi, ngakhale kutsokomola ayi. Anaimba nambala imene Orton anawasiyira, sinkapezeka.

Emmie anatsika atanyamula diresi m'manja kuti isakhudze oyilo amene ankadontha pa tala. Sanakalipe. Anangowayang'ana bambo ake.

"Adadi, ndinapempha chimodzi chokha."

Anakapanikizana m'galimoto ya azakhali ake, pakati pa makatoni a mphatso. Ku tchalitchi anafika misozi itafufuta zodzola zonse kumaso. Ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa mwanayo sanalakwe chilichonse.

Lolemba galimoto anachita kuikoka kupita nayo ku Old Town. Che Abdulmajid sanatenge sikuludiraiva yawo, panalibenso choti amvetsere. Anakoleka sipanala yaikulu kuti atembenuze injini, inali gwa. Atatsegula pansi, anatulutsa sefa ija itamatika ndi phala lakuda n'kuiika m'manja mwa a Paxton.

"Zitsulo zapsa n'kugwirana. Injini ya mtundu uwu simungaipezenso."

"Palibe chimene mungachite, madala?"

"Lachitatu chinalipo. Galimotoyi imakuuzani pamene pakuwawa, inu munaitseka pakamwa."

Lero galimotoyo ili pansi pa mtengo wa mango ku Area 12, matayala ataphwa, liboni imodzi ikadali pachitseko. Emmie akabwera kudzaona makolo ake, amalowera khomo lakuseri kuti asaione.

Phunziro: Injini ikayamba kaphokoso, pezani chimene chikuchititsa, osati chotsekera phokosolo. Mverani mmisiri amene akuidziwa galimoto yanu ngakhale chida chake chikhale khutu, ndipo musapereke boneti kwa munthu wongokumana naye poimika magalimoto. Tumizirani nkhaniyi aliyense amene ali ndi galimoto yakale, makamaka uja amakweza wailesi kuti asamve kaphokoso.