Kadengu ka Nanzikambe

Padangotero, anzanga, nyama zonse zinayamba kulemba mabulogu pa intaneti! Ndiye Gologolo analengeza mpikisano, mphoto yake chisa cha uchi. Anayika madengu atatu pansi pa mkuyu: la zakudya, la maulendo ndi la zovala.

"Aliyense alowe m'dengu la bulogu yake," anatero Gologolo. "Wopanda dengu, uchi angoumvera fungo!"

Mbewa anathamangira la zakudya, Namzeze la maulendo, Nkhanga la zovala. Koma Nanzikambe anasowa kolowa. Uchiwo ankaufunitsitsa, koma bulogu yakeyo, mayo ine! Lolemba analemba za ntchentche zonona, Lachiwiri za ulendo wa panthambi, Lachitatu za khungu lake latsopano. Basi anaponda mwendo m'dengu ili, wina m'linalo, mchira m'lachitatu.

"Achimwene, mundithyolera madengu!" anakuwa Gologolo. "Sankhani limodzi!"

"Ndisankhe bwanji, poti zonsezi ndine ndemwe?"

Pofuna kumuchititsa manyazi, Gologolo anatola kadengu kobooka, nalembapo kuti "Za moyo wanga."

"Khalani nokhanokha umu!"

Nanzikambe analowa atazyolika. Kenaka Nkhanga anatsokomola.

"Kunena zoona, ine ndimalembanso za apongozi anga."

Ameneyo, m'kadengu! Namzeze naye anaulula za nsabwe za m'chisa chake, Mbewa za chibwenzi chake chinatha chija. Kadengu kanadzaza thoo!

Gologolo anayang'ana madengu ake atatu opanda kanthu, nanong'ona: "Tasunthani pang'ono. Inenso ndimalembako tindakatulo."

Ndipo poti onse anathera m'kadengu kake, uchi anayamba kunyambita ndi Nanzikambe, mwini kadengu, ndi lilime lake lalitali lija! Kanthano kanga kathera m'kadengu momwemo.