Onse Ankayankha Kuti Mmodzi

Mayi winanso anabweza foni osamuyang'ana Kettie kumaso. Kettie anasuzumira pa kompyuta yake, pomwe mayankho ankafikira. Yankho linali lomwe lija: mmodzi.

A ku ofesi kwawo anamutuma Kettie ku Mayani kudzayesa pulogalamu ya pafoni yofufuzira anthu amene ayandikana ndi wodwala chifuwa chachikulu. Lamulo la ntchitoyo linali lopereka foni, kukhala poteropo, osathandiza munthu. Funso lina linkafuna chiwerengero cha anthu amene munthu wakumana nawo m'sabatamo. Ku Lilongwe, poyesa ya Chingerezi, anthu ankatchula makumimakumi. Koma kuno amayi ogulitsa kachewere pamsika, oimba kwaya imodzi, otunga pamjigo umodzi, aliyense ankati mmodzi. A Mervis, amayi amasiye, analemba kuti palibe, n'kunyamuka osatsazika.

Apangana awa, anatero Kettie mumtima. Wina wawatseka pakamwa.

Munthuyo sanavute kumupeza. A Zikhalo, wapampando wa msika, anali ataima pansi pa mtengo, manja ali m'matumba a jekete. Mayi aliyense akachoka kwa Kettie ankadzera pomwepo, n'kuwanong'oneza. Nkhope yawo inkangoipiraipira. Kettie anakumbukira mmene amalonda anakwiyira misika itatsekedwa nthawi ya kolera. Nanga n'kuteteza msika anthu akutsokomola magazi m'midzimu? Pulogalamuyi inali pafupi kufalitsidwa m'boma lonse, ndipo iye anali atayamba kale kukonza m'mutu zokanena: anthu a kuno amabisa, ndipo alipo akuwaopseza.

Ataona a Zikhalo akubwera, anaimirira.

"Bambo, amayiwa mwawauza chiyani?"

"Ine?" anatero a Zikhalo. "Ndimati ndikufunseni inuyo, mayi. Akazi anga akulira kuseriku. Tawerengani nokha, mokweza, ngati mulibe manyazi."

Kettie anatola foni ija. Chichewa cha mafunsowo anamasulira ndi a ku ofesi, iye anali asanachiwerengepo. Anayamba molimba mtima, koma asanafike kumapeto anazindikira tanthauzo lina la mawuwo.

"Kodi sabata ino mwakhala malo amodzi ndi anthu angati?"

Ndipo m'munsi mwake: "Tchulani mayina awo onse."