Zimene Zinali Pansi pa Denga la Kasiteshoni

Panali munthu wina m'tauni ya Goulburn, dzina lake Warwick Doolan. Amene anandiuza nkhaniyi akuti analipo tsikulo, anadzionera yekha.

Warwick anali m'kalabu ya anthu opanga timasitima, tija timayenda patinjanji pathebulo, kudutsa timilatho ndi tinyumba. Zaka khumi ndi ziwiri akupita ku zionetsero, sanawineko ngakhale kamodzi. Anali waphuma. Timasitima take tinkanyezimira ngati tangochoka m'sitolo, ndipo anzake ankamuseka.

"Amwene, sitima yanuyi inayendako koma? Kapena mumaigoneka m'firiji?"

M'kalabumo munalinso a Athol Pengilly, amene anakalambira pantchito yokonza njanji. Iwo ku zionetsero sankapita. Kwa zaka makumi awiri ankangodzitsekera m'shedi, kumanga kasiteshoni ka Mulga Creek monga kanalili mu 1958. Siteshoni yeniyeniyo inagwetsedwa kalekale.

A Athol atamwalira, akazi awo, mayi Noreen, anaitana Warwick.

"Tengani, anthu akaone. Ine ndikalowa m'shedimu ndimangolira. Koma mukalembe dzina la amuna anga."

"Musadandaule mayi, ndikalemba."

Atafika nako kwake n'kukaunika bwinobwino, Warwick anakhala pansi. Dzimbiri la pamalata linatsetsereka mmene mvula imalitsetseretsera. Pachumuni cha injini panali mwaye weniweni. Madontho a oyilo anali pamalo okhawo amene injini imaima. Ngakhale udzu unawerama mbali imodzi, kumene mphepo imalowera.

Pa fomu ya chionetsero cha ku Sydney analembapo dzina lake.

Mnzake Gav Tierney anaiona fomuyo. "Iwe, mutu ukukoka? Iyi ndi ntchito ya a Athol."

"Ndani anaionapo? Akufa salandira mphoto."

"Zaka makumi awiri za munthu sungazivale ngati jekete. Zikakukana pagulu."

Warwick anangoseka.

Ku chionetseroko anthu anasiya matebulo ena onse. Pa Mulga Creek ankalankhula monong'ona ngati m'tchalitchi. Woweruza wina anapukuta ndi chala fumbi la pabogi ya sitima, fumbi osachoka. Linali penti. Anavula magalasi n'kunena, "Zaka makumi atatu ndikuweruza, zotere sindinazionepo."

Atangotsala pang'ono kulengeza wopambana, panabwera mayi wokalamba woyendera ndodo, dzina lawo Beryl Quigley. Anaima nthawi yaitali osaphethira. Kenako analoza.

"Nyumba yathu iyo. Bambo anga ndiwo ankayang'anira siteshoniyi. Thanki iyo inabonyoka nditaigunda ndi thirakitala. Mwanawe, iwe unali usanabadwe. Wazidziwa bwanji?"

"Zithunzi zakale, mayi."

"Kunalibe wa kamera kwathu kuja."

Anthu anasendera pafupi. Mayi Beryl anawerama movutikira n'kusuzumira pazenera la kanyumba kodikirira sitima.

"Muli anthu umu. Tachotsa dengali."

"Silichoka, mayi."

Woweruza uja anagwira dengalo ndi zala ziwiri. Linachoka mosavuta.

M'katimo, pamene palibe amene akanaona, munali benchi. Pabenchipo panakhala kamtsikana ka diresi yachikasu, sutikesi ili pamiyendo. Patsogolo pake panaima kamnyamata katagwira chipewa m'manja. Pakhoma panalembedwa timalemba tochepa kuposa njere ya mpunga: A.P. ndi B.M.

Mayi Beryl anagwira pakamwa.

"Ndine ameneyo. Beryl Mahoney, ndisanakwatiwe. Tsiku limeneli Athol anandipempha kuti ndisapite kutauni, tikwatirane. Ndinamuuza kuti ndikaganiza kaye, n'kukwera sitima. Sindinabwererenso." Anatembenukira kwa Warwick. "Athol ali kuti?"

Kasitima kokha kankazungulira, kuima pasiteshoni, kunyamukanso.

"Anamwalira mu Epulo, mayi," anatero Warwick. "Zonsezi anapanga ndi iwo. Ine sindinaikepo ngakhale kamwala kamodzi."

Palibe anamukalipira, ndipo akuti zimenezo ndizo zinamupweteka koposa. Woweruza anachotsa kapepala ka dzina la Warwick n'kumupatsa kena ndi cholembera. Warwick analemba yekha, aliyense akuona: Athol Pengilly. Anthu anayamba kuima pamzere kuti asuzumire m'kanyumbamo, mmodzimmodzi, amuna atavula zipewa.

M'mawa mwake Warwick anapita ndi chikho chimene kasiteshoniko kanawina kwa mayi Noreen n'kuulula zonse. Za mtsikana wa pabenchi anafuna kubisa, koma mayiwo anamufunsa okha.

"Denga anachotsa?"

"Anachotsa, mayi. Ndipo mwini wake analipo."



"Anabwera Beryl? Chabwino. Diresi ija ndinapenta ndine. Manja a Athol anali atayamba kunjenjemera, ndiye anandipempha. Chikasucho ndinachisakaniza katatu asanavomere kuti n'chomwecho."

"Simunakhumudwe?"

"Uja anakwera sitima. Ine ndinakhala nawo zaka makumi asanu ndi chimodzi. Ikani chikhocho apo, muzipita."

Kalabu inamuchotsa Warwick sabata yomweyo. Timasitima take tonse anapatsa anthu, ndipo mpaka lero sanapondenso ku chionetsero.

Phunziro: Ntchito ya manja a munthu imakhala ndi moyo wake m'katimo, zina zoti iwe wakuba sungazione ngakhale utayang'ana chaka chathunthu. Ukalembapo dzina lako, idzakukana pamaso pa anthu. Mnzako akakuchenjeza, imva. Usaisunge wekha nkhaniyi, itumize kwa anzako, makamaka aja amakonda kuomberedwa m'manja pa thukuta la eni.