Mapazi a Amayi Pakhoma

Achemwali ankayanika zovala pachingwe pamene aneba awo anasuzumira pampanda.

"Mwamva? Amayi anu awapachika ku holo ya laibulale. Ndikunena zithunzi zawo. Mapazi aja, zilonda zonse poyera. Anthu akuchita kudzazana kukaona."

Achemwali anasiya malaya onyowa m'ndowa napukuta manja. Sanachite kufunsa kuti mwini ntchitoyo ndani. Anali mlamu wawo basi, mkazi wa mchimwene wawo wamng'ono, wojambula zithunzi pamaukwati. Iyeyo ndiye ankasunga amayi chiwagonekere matenda a shuga. Achemwali ankapitako Lamlungu lokha, n'kupemphera ataima chakukhomo, poti fungo la mabandeji linkawadzetsa nseru. Tsikuli anamanga mfundo mumtima: akatsitsa zithunzizo, kenako akawachotsa amayi m'nyumba ya mkazi ameneyo.

M'holomo munali anthu otchena, akuyenda pang'onopang'ono ngati ali m'tchalitchi. Chithunzi choyamba chinali cha phazi lotupa m'beseni, khungu litang'ambika pachidendene, manja awiri akulisambitsa. China chinali cha bandeji yothimbirira ikumasulidwa. Chachitatu chinali cha ndowa yokodzeramo, wina ataisenza kutuluka nayo pakhomo, dzuwa la m'mawa likuwala pachivundikiro ngati ndi chinthu chaulemu.

Bambo wina wamagalasi ankauza mnzake, "Taona mmene kuwala kwagwera pamadzipo. Munthuyu ali ndi diso. Uku ndiye kujambula, osati zathu zija za 'tamwetulirani, taunjikanani pang'ono'."

Diso la khwangwala pa dzala, anatero Achemwali chamumtima. Mayi amene anawaphunzitsa kufunda nsalu ngakhale popita kubafa, lero alendo akuwerama kuti aone bwino mafinya awo.

Mlamu uja anatulukira m'gulu, atavala diresi lake la kutchalitchi.

"Alamu, mwabwera. Timati tikuuzeni Lamlungu likubwerali."

"Usanditchule alamu. Mayi anga si nyama ya m'butchala yoti uziipachika anthu azisirira. Maukwati akuchepera? Wasowa chojambula mpaka chilonda cha apongozi ako?"

Anthu anatembenuka. Bambo wamagalasi uja anasendera kumbali.

"Lero lomwe amayi akagona kwanga," anapitiriza Achemwali. "Ndipo zonyansazi zitsika pompano."

Anagwira felemu ya chithunzi cha phazi chija ndi manja onse, nayamba kuisuntha pamsomali. Mlamuyo sanawaletse. Anangoti motsitsa, "Musanachitsitse, tachiyang'anitsitsani."

Achemwali anayang'ana, mphuno atakwinya. Kwa nthawi yoyamba maso awo anachoka pachilondapo. Manja aja analifukata phazilo ngati khanda, chala chachikulu chikupukuta m'mbali mwa bala mosamala. Pamwamba pake pankaoneka chipumi cha munthu wowerama, thukuta lili kamukamu.

"Manja anga onse awiri ali m'madzimo, alamu. Ndikanajambula ndi chiyani?"

Kumbuyo kwawo kunalira mateyala a chikuku. Anthu anapatuka, ndipo mchimwene wawo anatulukira akukankha amayi, kamera ili pamiyendo pawo.

"Chotsa manja pantchito yanga, mwana iwe," anatero amayi. "M'mawa uliwonse ndimagona chagada n'kumaona manja amenewa. Ndinabwereka kamera yake kuti ena awaonenso."

Achemwali anaisiya felemuyo ili yopendekeka. Anagwada pasimenti pomwepo, anthu onse akuona, nanena mokweza: "Amayi, ndikhululukireni. Alamu anga, inunso ndikhululukireni."