Pepala Limene Yesenia Anasaina

"Usasaine, Yesenia! Pepala limaluma," ndinamunong'oneza mwana wanga, nditamukoka malaya.

Tinali muholo ya sukulu ina yaulere ya mumzinda wa Phoenix, kumene ana akachuluka kuposa malo amachita maere. Dzina la mdzukulu wanga Nayeli linali litangotuluka m'bokosi.

"Amayi, inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe," anaseka, n'kusaina osawerenga.

Titafika kunyumba m'pamene anaona zolembedwazo: banja lililonse lizikathandiza m'kalasi maola awiri pa sabata. Chonsecho iye amachapa zovala kuhotela mpaka madzulo.

"Ukalephera, amuchotsa mwanayu?" ndinafunsa.

"Sangatero... kaya."

Kaya ameneyo anandilasa mtima. Lolemba ndinavala diresi langa la kutchalitchi kuti ndipite kusukuluko m'malo mwake, ine amene sindinapondepo m'kalasi chibadwire. Panjira ndinamuchenjeza Nayeli kuti asamathamange ndi pensulo, ingamuboole diso.

Aphunzitsi anandikhazika pakampando kolekeza m'mawondo, n'kundipatsa ntchito yosongola mapensulo. Posakhalitsa Nayeli anandikankhira pepala.

"Agogo, musaope, ili sililuma. Jambulani mwezi wodukawu. Ndi C, poyambira dzina lanu."

Ndinatola pensulo ngati ndagwira njoka, koma ndinajambula.

Masiku ano Yesenia akaweruka, miyendo itatupa, amapeza makope awiri akumudikira patebulo, la Nayeli ndi la ine Consuelo.

"Amayi inu, ndipumeko kaye!"

"Chonga, mwana wanga, uyambire langali. Ndinakuuza kuti usasaine."