Ufulu wa Mbalame ya Ludolf

"Itsegulireni izipita," anatero Metta kwa mwamuna wake. "Adokotala mwawamva nokha, fumbi la mumgodi lakuthani mapapo. Kuchipatala salola mbalame, ndipo ine ndekha sindingaisamale."

Ludolf anakhosomola atafungatira kakhola. Chichokereni mumgodi, mbalameyi ndiyo inkawadyetsa. Iye ankapaka ulimbo pa nthambi, iyo n'kumaimba m'kakholamo, zinzake n'kubwera kudzamatidwa, iye n'kukazigulitsa kumsika wa mumzinda wa Goslar. Koma pakhomo sipanasinthe kanthu, mpaka anzake anamupatsa dzina lomwe amatchulira munthu watsoka: Pechvogel, mbalame yomatidwa pa ulimbo.

"Mwa awirife, mmodzi yekha apulumukeko," anatero Ludolf akutsegula kachitseko. "Pita, mnzanga. Ntchito yoipa wandigwirira yakwana."

Mbalameyo inazengereza pang'ono, kenako inauluka. Inazungulira denga kamodzi n'kukatera mu mtengo wa apulo pabwalo, momwe ankaipachika m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Inayamba nyimbo yake ija, koma inaidula pakati. Mapiko anayamba kuphupha.

"Bambo," Metta anafunsa chapansipansi, "ulimbo wa dzana uja munachotsa?"

Ludolf anayesa kudzuka, koma chifuwa chinamubwezera pampando.

"Thamanga, Metta! Tenga makwerero!"

"Makwerero ake ati? Si aja tinawaza nkhuni nthawi yachisanu?"

Ngolo yodzamutengera Ludolf kuchipatala inali itaima pachipata, mwini wake akuitana. Mphaka wa aneba anali atayamba kale kukwera mtengo.